Penshoni ya mapaundi, ukalamba wa ku Mua

Munthu akapuma pa ntchito ku Toronto kapena ku Manchester amakhala pansi n'kuwerengera penshoni yake. Lendi, chakudya ndi zotenthetsera nyumba m'nyengo ya chisanu zimaimeza mwezi usanathe. Ndiye maso amatembenukira kumayiko otentha, kumene ndalama yomweyo ingamulipirire nyumba, wantchito ndi nsomba tsiku lililonse.

Mayiko ena anauona msikawu kalekale. Panama amapereka chilolezo chokhala m'dzikomo kwa munthu amene amalandira penshoni ya madola 1,000 pamwezi, ndipo amamuchotserako mtengo wa mankhwala ndi wa maulendo. Thailand amafuna kuti munthuyo akhale wa zaka 50 kapena kuposerapo, komanso akhale ndi ma baht 800,000 kubanki kapena azilandira 65,000 pamwezi. Malawi satchulidwa kawirikawiri pa nkhani zoterezi, ngakhale kuti azungu ena okalamba anakhazikika mwakachetechete ku Senga Bay ndi kugombe la Mangochi.

Komatu chigwa cha Mua, Golomoti ndi Mtakataka chili ndi zambiri zimene anthuwa amafuna. Juzi imagwira ntchito masabata ochepa pachaka. Nyanja ili pafupi, mpunga umachokera ku Bwanje, mango amachita kuwolera pansi mu Disembala. Msewu wa M5 umapita ku Salima ndi ku Balaka, ndipo wofuna kamphepo kozizira amangokwera zitunda za Golomoti kupita ku Dedza. Masamu nawo ndi okopa. Mu 2024 dola imodzi inkagulidwa pafupifupi K1,750 kubanki, pamene malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K90,000 pamwezi. Madola 1,000 aja, amene ku Toronto sangakwanire n'komwe lendi ya nyumba ya chipinda chimodzi, kuno akanalipira antchito 19.

Apa m'pamene mawu oti "dziko lotchipa" ayenera kufunsidwa bwino. Kutchipako kumachokera m'thumba la wina. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wolandira madola anadzuka ali wolemera kuposa dzulo lake. Mphunzitsi wopuma pa ntchito wa ku Mtakataka, amene penshoni yake ndi ya makwacha, anadzuka thumba la feteleza litamuthawa. Onsewa amagula tomato pamsika umodzi.

Naye mwini mapaundi asafulumire kusekerera. Boma la Britain limakweza penshoni ya boma chaka ndi chaka kwa okhala m'dzikomo ndi m'mayiko ena amene linapangana nawo, monga Philippines ndi Mauritius. Malawi sali m'gululo. Wosamukira kuno penshoni yake imaima pa mlingo umene inali pamene ankanyamuka, zaka n'kumapita, chonsecho mitengo ya zinthu mu 2024 inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Malamulo a malo amene anasinthidwa mu 2022 anatsekanso khomo loti munthu amene si nzika azingogula malo mmene wafunira. Ndipo amene anamanga m'mphepete mwenimweni mwa madzi anaona mu 2024 nyanja itakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi ya thupi. Munthu wa zaka 65 amasankha dziko poyang'ana dzuwa, koma akafika zaka 80 chimene amafuna ndi dokotala wa mtima. Chipatala cha mishoni cha Mua chathandiza anthu a m'chigwachi kwa zaka zambirimbiri pa malungo, uchembere ndi matenda a tsiku ndi tsiku. Koma impso zikafooka, makina osefera magazi ali ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo wa maola angapo, kawiri kapena katatu pasabata. Onjezanipo mizere ya mafuta ngati ija ya kumapeto kwa 2024, ndi kutentha kwa mu Okutobala kumene kumalefula ndi anyamata omwe. Malungo a kuchigwa sayang'ana pasipoti.

Komabe Mua ili ndi umboni woti mlendo angathe kukalambira kuno bwinobwino. Mishoniyi inatsegulidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers. Bambo Claude Boucher, ochokera ku Canada, anafika m'Malawi mu 1967, ndipo mu 1976 anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. Anaphunzira Chichewa mpaka kuchiyankhula ndi miyambi yomwe, anakhala pansi ndi akuluakulu a Gule Wamkulu, anaphunzitsa osema ziboliboli, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ili ndi zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Anthu anawapatsa mfunda wa Chisale. N'zoona kuti iwowa anabwera kudzagwira ntchito ali mnyamata, sanabwere kudzapuma. Phunziro lili pomwepo: chimene chinawasunga pa Mua mpaka imvi ndi anthu amene anadya nawo, kulira nawo maliro ndi kugwira nawo ntchito kwa zaka zoposa 40. Zimenezi wobwera ndi sutikesi ali ndi zaka 68 sangazigule pa mtengo uliwonse wa dola.

Ndipo tikanena zoona, opuma pa ntchito amene chigwachi chidzawalandire ambiri si azungu ayi. Ndi ana ake omwe: nesi amene wagwira ntchito zaka 25 ku Leeds, dalaivala wa ku Johannesburg, mmisiri wa ku Bulawayo. Kuyambira pamene Nyumba ya Malamulo inavomereza unzika wa mayiko awiri kumapeto kwa 2018, kubwerera kwawo kunapepukirako. Makolo awo anayenda njira yomweyi. Amene anapita kumigodi kudzera ku Wenela ndi TEBA, mpaka pamene kulemba Amalawi kunatha mu 1988, anabwera ndi njinga, wailesi ndi mabulangete, koma ambiri anakalamba akudikira ndalama zawo zotsalira, ena n'kumwalira asanazione.

Matchona a lero ali ndi mwayi umene madala aja analibe, chifukwa ndalama imatha kufika pa foni tsiku lomwelo. Cholakwika chawo chimakhala chimodzimodzi ndi cha wobwera ndi sutikesi uja. Amatumiza ndalama za njerwa ndi malata kwa zaka 10, nyumba n'kuima yokongola, mpanda wake wautali, koma eni ake sanapezekepo pa maliro kapena chinkhoswe chilichonse. Akafika amadabwa kuti abale akuwaona ngati banki, amfumu sakuwadziwa nkhope, ndipo adzukulu amene anabadwira ku Leeds sakufuna kuchoka kumeneko.

Amene akulingalira zodzapumira ku Mua, kaya ndi wa ku Quebec kaya ndi mwana wa kwa Kachindamoto, ayambe wabwera kudzakhala miyezi ya Okutobala mpaka Febuluwale, aone kutentha, udzudzu ndi matope. Afunse kumene penshoni yake ikuchokera ngati idzapitirize kukwera akasamuka, aone mapepala a malo ndi maso ake, ndipo asunge padera ndalama ya galimoto yopita ku Lilongwe usiku. Njerwa zibwere pambuyo.