Za Mlendo Amene Sitidziwa Nchito Yace

M'maiko akutali muli masewera amene ambiri a ife sitinawamve, ndipo dzina lao ndilo geocaching. Macitidwe ace ndi awa: munthu atenga kabokosi, naikamo kabuku ndi tinthu tacabe, nakakabisa m'phako la mtengo kapena pansi pa mwala. Atatero alengeza manambala olozera malowo, ndipo ena amene sanaonane naye ndi kale lomwe adza kudzafunafuna, alikutsogozedwa ndi GPS ya m'lamya zao za m'manja. Akakapeza alemba maina ao m'kabukumo, nakabwezera pomwepo. Woyamba kucita ici ndiye Dave Ulmer, amene anabisa cidebe ku Oregon, m'dziko la America, pa 3 May 2000. Ndipo lero timabokosi totere tapitirira 3 miliyoni m'maiko oposa 190.

Tsono lingalirani maonekedwe a munthu wotere. Salankhula ndi munthu, maso ali pa lamya, azungulira mtengo, aceuka uku ndi uku, napisa dzanja m'phako. Ndani womuona amene mtima wace sudzagunda? Ngakhale eni masewerawo kwao komweko aopa. M'mwezi wa July 2011, m'kamzinda ka Wetherby ku England, mwini nyumba yogulitsiramo tiyi anaona munthu alikubisa kanthu pansi pa cotengera ca maluwa m'mbali mwa mseu, ndipo anauza apolisi. Apolisiwo anatseka mseu, naitana asilikari odziwa za mabomba, amene anaphulitsa kabokosiko. Pomwepo kunadziwika kuti munalibe coopsa. Masitolo anataya malonda a maora angapo, ndipo munthu uja anacenjezedwa. Ena anaseka apolisi kuti anacita mantha ndi cidole. Ife sitiseka nao, pakuti tipenya cinthu cimodzi: palibe anaponya mwala, palibe anakhetsa mwazi, ndipo onse anagona kwao usiku umenewo.

Kuno kwathu masewerawa sadziwika kwa ambiri, koma mantha otere tiwadziwa bwino, ndipo mathero ace akhala ocititsa manyazi. M'mwezi wa September 2017 mbiri ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, nifalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu kufikira ku Blantyre. Anthu osacepera 9 anaphedwa ndi makamu, ndipo mmodzi wa iwo anali wodwala khunyu, amene anatenthedwa ku Blantyre. Bungwe la United Nations linacotsa anchito ace m'maboma ena. Anchito a cipatala anazunzidwa cifukwa ca kacipangizo komvera kugunda kwa mtima. Magalimoto onyamula odwala anagendedwa. Madotolo anati sanapeze umboni wakuti munthu anapopedwa mwazi. Apolisi anagwira anthu oposa 100, koma anawagwira maliro atacitika kale. Ndipo m'caka ca 2020, pamene ku Zambia makamu anapha anthu ambiri powaganizira kuti alikupopera mankhwala m'nyumba, mbiri ya anamapopa inaukanso m'cigawo capakati ndi cakumpoto, ndipo mwazi unakhetsedwanso.

Mbiri imeneyi si yatsopano ai. Makolo a ku Northern Rhodesia anaopa banyama m'zaka za m'ma 1930. M'mwezi wa January 2003 khamu linagenda Eric Chiwaya, mkuru wa cipani colamula ku Blantyre, pomnenera kuti alikusunga opopa mwazi. Mbiriyo igona zaka, niuka, nisintha dzina. Koma kawirikawiri wophedwa ndiye mlendo, kapena wodwala mutu, kapena wosadziwa cinenero cathu, wosakhoza kufotokoza msanga cimene alikucita.

Cifukwa cace tilembera inu a ku Mchinji makamaka, pakuti boma lanu ndilo khomo la alendo. Mseu waukuru wa ku Chipata upyola pa Mwami, pamene atsogoleri a maiko awiriwa anatsegula cipata cimodzi m'caka ca 2022. Malire adula pakati pa mafuko amodzi, Acewa ndi Angoni, kotero kuti wina ali ndi amalume tsidya lino ndi azakhali tsidya lija. Ndipo anthu oyenda ndi makina m'manja sasowa: opima malire ofunafuna zipilala zao m'thengo, opima malo okumbapo mijigo, alangizi oyesa minda, owerenga anthu onga aja a 2018 amene analemba maina athu pa makina m'malo mwa mapepala. Kumbukilaninso kuti thandizo la Mtukula Pakhomo linayambira m'boma lanu lomweli m'caka ca 2006, ndipo linadza ndi alendo ofunsa mafunso pakhomo ndi pakhomo. Akadawalandira ndi miyala, amasiye ndi nkhalamba akadadya ciani? Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Koma ena adzati, Kodi tingopenya cabe, pamene akuba ng'ombe aoloka malire usiku, ndi pamene abale athu acialubino aphedwa ndi kufukulidwa m'manda? Funso ili nlolemera, ndipo sitigwirizana ndi anthu a m'mizinda amene aseka mantha a kumudzi nawacha umbuli. Zoipazo zacitikadi m'dziko muno. Kukayika sikulakwa, mwini tiyi wa ku Wetherby anakayikanso, ndipo anacita bwino. Kulakwa kuyamba pamene wokayika adziyesa yekha mboni, woweruza ndi wolanga, zonse m'kamphindi kamodzi. Ngati munthuyo ali wakubadi, kumupha ndiko kukwirira pamodzi naye maina a omtuma. Ngati ali wosalakwa, mwazi wace ukhala pa mudzi, ndipo anyamata amene anathamangira mfuu asiya akazi ndi ana, napita kundende. M'njira zonse ziwiri mudzi ndiwo utaya.

Enanso adzati, Tikampereka kwa apolisi, mawa timuona alikuyenda pamsika. Pano mau athu atembenukira kwa apolisi, ndipo sitiwanyengerera. Malamulo akuru a dziko anena kuti wogwidwa aonekere pabwalo pasanathe maora 48, ndipo akhoza kuturuka pa belo mlandu wace usanathe. Lamuloli nlabwino, pakuti licinjiriza inu ndi ife tsiku limene tidzanamiziridwa. Koma ndani anafotokozera mudzi zimenezi? Wapolisi amene atenga munthu m'manja mwa khamu, nakammasula mwakacetecete, osabwerera kudzauza nyakwawa cimene anapeza, wafesa mbeu ya mphekesera, ndipo ulendo wina khamu silidzamuitana. Nchito ya apolisi siithera pa kugwira. Adze msanga akaitanidwa, ngakhale cinthuco cikaoneke cacabe. Atsegule thumba la mlendo pamaso pa mfumu ndi akuru. Ndipo akapeza kuti ndi lamya ndi kabuku basi, anene poyera pabwalo, osatonza amene anawaitana. Munthu akasekedwa cifukwa anakauza apolisi, mawa adzakauza anyamata a zibonga.

Mlendonso ali ndi mangawa ace. Dziko lino liribe thengo lopanda mwini: munda uli ndi mwini, dambo liri ndi mwini, ndipo msitu umene mlendo auyesa wokoma kubisamo kabokosi kapena ndiwo manda, kumene ngakhale mwana wa m'mudzi salowa wamba. Wopima, wofufuza kapena wosewera ayambe wafika kwa mfumu, anene odi, aonetse kalata yace, napemphe munthu womperekeza. Ola limodzi lokhala pamphasa ya nyakwawa silifanana ndi moyo. Safunsa anadya phula.

Ndipo kwa ife tonse, akuru a mpingo, aphunzitsi, amai ndi abambo odziwa kuwerenga, katundu wathu ndi uyu. Mfuu ikamveka, tisatsale m'nyumba ndi kunena kuti si zathu. Khamu limvera munthu woyamba kulankhula; ngati woyambayo anena Gwirani, miyala iuluka, koma ngati anena Tiyeni naye kwa amfumu, ambiri atsata. Mkhalitseni pansi mlendoyo, mfunseni dzina ndi kwao, imbirani apolisi, ndipo mkuru mmodzi akhale pambali pace kufikira adza. Uthenga woopsa ukafika pa lamya yanu, funsani amene anaona ndi maso ace musanautumize kwa wina. Kumbukilani kuti ana athu alinso alendo ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Johannesburg, kumene aima pa mphambano, maso ali pa lamya, alikufunafuna njira imene saidziwa. Monga tifuna kuti anthu a kumeneko ayambe awafunsa asanawakhudze, momwemo ticitire mwana wa eni amene waima m'mphepete mwa munda wathu.