Mbewu yopanda poizoni ndi nkhani ya umoyo wa ana athu

Mvula ikayandikira, m'nyumba zambiri mumalowa paketi ya mbewu ya chimanga yofiira kapena yobiriwira. Mtundu umenewo ndi chenjezo lakuti mbewuyo yapakidwa mankhwala opha chuku ndi tizilombo, choncho siyenera kudyedwa ndi munthu kapena chiweto. Komatu paketiyo nthawi zambiri imasungidwa m'chipinda momwe ana amagona, ndipo pobzala timaigwira ndi manjamanja. N'chifukwa chake njira yatsopano yoyeretsera mbewu popanda mankhwala, yomwe asayansi akuitchula kuti plasma yozizira, ikutikhudza ife makolo ndi onse othandiza pa zaumoyo m'midzi. Maganizo anga ndi akuti njirayi tiilandire, koma tisaithamangire.

Tiyambe ndi dzinalo. Amene mumagwira ntchito kuchipatala mumadziwa plasma ya m'magazi, madzi achikasu aja. Iyi ndi ina. Taganizirani za madzi: akazizira kwambiri amauma n'kukhala ayezi, akatentha amasanduka nthunzi. Mpweya nawo ukapatsidwa mphamvu yochuluka, tizidutswa take timagawikana n'kuyamba kunyamula magetsi. Mpweya wotero ndiwo plasma, ndipo amene anaupatsa dzinali mu 1928 ndi wasayansi wa ku America, Irving Langmuir. Mphenzi ndi plasma, dzuwa nalonso ndi plasma. Zimenezi n'zotentha koopsa, koma asayansi amatha kupanga ina yosawotcha, yofanana ndi kutentha kwa m'nyumba. Ndiyo akuti yozizira.

M'makina ena, mbewu imaikidwa pakati pa zitsulo ziwiri zotchingidwa ndi galasi. Akayatsa magetsi amphamvu, mpweya wapakatipo umawala mofiirira, ndipo mbewuyo imakhalamo kwa masekondi kapena mphindi zochepa. Pa nthawi imeneyi pamachitika zinthu ziwiri. Choyamba, plasma imatulutsa mpweya waukali monga ozone komanso kuwala kwa UV, zomwe zimapha mabakiteriya ndi chuku chokhala pakhungu la mbewu. Chachiwiri, khungulo limakandika pang'ono moti maso sangaone, ndipo mbewu imayamba kumwa madzi mosavuta. M'kafukufuku wambiri wa m'malabotale, mbewu zotere za tirigu, soya ndi zina zamera msanga kuposa zinzake. Ikatuluka m'makinamo, mbewuyo sikhala ndi mankhwala opaka aliwonse.

Phindu lalikulu kwa ine lili pamenepo, ndipo mbiri ya dziko la Iraq ikutiuza chifukwa chake. Chakumapeto kwa 1971, dzikolo linaitanitsa mbewu ya tirigu ndi balere yopakidwa mankhwala a methylmercury. Yambiri inafika m'midzi nyengo yobzala itatha, ndipo chenjezo pamatumba linali m'Chisipanishi ndi m'Chingerezi, zilankhulo zomwe alimiwo sankawerenga. Mabanja anatsuka mtundu wofiira uja poganiza kuti poizoni wachoka nawo, anagaya mbewuyo n'kuphika buledi. Anthu 6,530 anagonekedwa m'zipatala ndipo 459 anamwalira, malinga ndi ziwerengero za m'zipatalazo. Ambiri opulumuka anatsala ndi ulumali wa ubongo ndi maso, kuphatikizapo ana omwe anali m'mimba.

Mankhwala a mercury analetsedwa kalekale pa mbewu, ndipo amasiku ano si oopsa chotero. Koma akadali poizoni. Mu 2018 mayiko a European Union anasiya kuvomereza thiram, amodzi mwa mankhwala odziwika opaka mbewu, ndipo ziletso zonga izi ndizo zikukankha asayansi kufufuza njira zina. Mumzinda wa Greifswald ku Germany muli bungwe la kafukufuku la INP, lomwe likuyesa plasma yozizira pa ulimi komanso pochiza zilonda zosapola msanga. Kwathu kuno, komwe njala ikavuta munthu angayesedwe kutsuka mbewu yotsala n'kupita nayo kuchigayo, mbewu yoyera koma yopanda poizoni ingachotse ngozi imodzi m'nyumba.

Nanga bwanji ndikuti tisathamange? Chifukwa mankhwala opaka aja ali ndi ntchito imene plasma singagwire. Iwo amalowa m'nthaka pamodzi ndi mbewu n'kuiteteza kwa masiku angapo ku chuku ndi tizilombo ta m'dothi. Plasma imayeretsa pa nthawi yomweyo basi, kenako mbewu imakakumana yokha ndi za m'munda. Komanso imagwira kwambiri kunja kwa njere, kotero matenda obisala mkati angathe kupulumuka. Mlimi akataya mmera chifukwa chosiya mankhwala msanga, ana ake ndi amene adzagone ndi njala, ndipo kunyentchera nakonso ndi matenda.

Vuto lina ndi muyeso. Mbewu ikakhalitsa mu plasma imawonongeka ndipo simera bwino. Nthawi yoyenera tirigu si yoyenera mtedza, ndipo ngakhale mitundu iwiri ya mbewu imodzi imatha kupereka zotsatira zosiyana. Zambiri zomwe zikudziwika zachokera m'mbale za m'labotale, momwe kutentha ndi chinyezi zimayendetsedwa ndi munthu. Kumera msanga m'mbale sikutsimikizira kudzaza nkhokwe. Makinawo amafunanso magetsi odalirika ndi munthu wophunzitsidwa, popeza mpweya wa ozone umapweteka mapapo ukapumidwa wambiri. Si chida choti chikhale pakhonde. Malo ake ndi kukampani yokonza mbewu kapena kumalo a kafukufuku.

Tichenjerenso ndi malonjezo okhudza aflatoxin, poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga yemwe amawononga chiwindi n'kuyambitsa khansa. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu. Asayansi akuyesa ngati plasma ingachepetse chukuchi pa zokolola, ndipo zimenezo n'zolimbikitsa. Koma chuku chimenechi chimakhala m'nthaka, chimalowa m'mbewu kumunda makamaka kukachita ng'amba, ndipo chimachuluka tikasunga zokolola zosauma bwino. Kuyeretsa mbewu yobzala sikungalowe m'malo mwa kukolola pa nthawi yake, kuyanika bwino ndi kutaya njere zowola.

Choncho pempho langa kwa akatswiri athu ndi lakuti njirayi iyesedwe pa mbewu zathu ndi m'dothi lathu, m'malo onga Chitedze, Bvumbwe ndi Bunda, kwa nyengo zingapo, ndipo zotsatira zake zilengezedwe m'Chichewa, kaya zikhale zabwino kapena ayi. Wina akabwera kumudzi kudzagulitsa mbewu ponena kuti yadutsa mu plasma, mufunseni kuti inayesedwa kuti, ndipo ndani anaivomereza. Paja safunsa anadya phula.

Podikira zimenezo, mbewu yamtundu ija ikadali m'nyumba zathu, ndipo apa ndi pomwe inu alangizi a zaumoyo muli ndi ntchito. Poyendera mabanja chaka chino, funsani komwe aika mbewu. Ikhale m'paketi yake, pamwamba, kutali ndi ufa ndiponso ndi ana. Akumbutseni kuti kutsuka sikuchotsa mankhwala onse, choncho yotsala isagayidwe, isakazingidwe, ndipo isapatsidwe nkhuku. Wobzala asadye kapena kuyamwitsa mwana asanasambe m'manja ndi sopo, ndipo thumba la mbewu lisasanduke loikamo chakudya. Mwana akameza njerezo, musamukakamize kusanza. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga paketiyo, kuti adokotala awerenge dzina la mankhwalawo.