Mipando ya basi sinacepe, ndife takula mimba

Mu basi muli lamulo limodzi limene ba kondakita sasintha: mpando uliwonse, anthu anayi. "Fendaniko mami, malo yalipo!" Koma masiku ano wacinayi amakhalila thako limodzi kucoka ku Kulima Tower mpaka ku Chelstone. Ena akuti mabasi yacepa. Mabasi ni yamene yaja. Ndife takula mimba.

Kafukufuku wa STEPS wa 2017, amene Unduna wa Zaumoyo unacita pamodzi na WHO, anapeza kuti pafupi-fupi munthu wamkulu mmodzi pa anayi alionse muno mu Zambia ni wonenepa kupitilila muyeso, ndipo mmodzi pa asanu ali na BP yokwela. Mmodzi pa anayi, ndiye kuti pa mpando uliwonse wa basi alipo.

Manje funso n'lakuti: tikunenepa bwanji pamene unga unadula, maka-maka pambuyo pa cilala ca 2024, ndipo ambili tigula pamela? Ine niona kuti vuto si kuculuka kwa ndalama. Vuto ni mmene tauni yatiphunzitsila kudya.

Onani tsiku la munthu wokwela basi. Acoka panyumba kukali mdima, m'mimba mulibe kanthu. Pa siteshoni agula vitumbuwa viwili na kabotolo ka zotsekemela. Masana ni machipsi, kapena osadya n'komwe. Afika kunyumba usiku, njala yamupweteka, apeza nsima ya bulekifasi yotentha. Ndiwo ni zocepa cifukwa n'zodula, conco akhuta na nsima: mitanda itatu, mwina inayi. Atsiliza m'mphindi zocepa, asamba m'manja, agona.

Apa m'pamene pali msampha. Ubongo umacedwa kumva kuti mimba yadzala. Pamapita mphindi pafupi-fupi 20. Wodya mothamanga amadziwa kuti wakhuta atadya kale mtanda umene thupi silinafune. Ndiye cifukwa cake ena timamasula lamba tikadya, n'kuyamba kupuma monga tathamangila basi. Kumeneko si kukhuta, ni kudzilanga.

Palinso mantha amene sitimakamba poyela. M'zaka zimene AIDS inatha anthu, kuonda kunali cizindikilo coopsa, ndipo mawu akuti kaliondeonde akali m'makutu mwathu. Mpaka lelo munthu akatsikako thupi, m'komboni muyamba manong'onong'o. Akanenepa, timuyamikila: "Ba boss, mwaoneka bwino!" Koma shuga na BP sizidziwa kuti ndinu ba boss. Sitiloko ikagwetsa munthu amene adyetsa banja, lendi na ndalama za sukulu zimagwela pamodzi naye.

Nanga ticite ciani, ise amene tilibe ndalama ya jimu? Coyamba, dziyezeni. Tengani cingwe cotalika monga msinkhu wanu, mucipinde pakati, mucizungulize m'mimba capamcombo. Cikakana kukumana, mafuta a m'mimba aculuka, ndipo amenewo ndiwo oopsa kwambili ku mtima.

Caciwili, nsima musaileke, koma isakhale mfumu ya mbale. Theka la mbale likhale lepu, cibwabwa, kalembula, bondwe kapena impwa. Izi ndizo ndiwo zochipa pa Soweto Market. Onjezani nyemba, kapenta kapena dzila. Cotsani mtanda umodzi pa imene munazolowela. Ngati mungathe, gulani lola: ni wochipa kuposa bulekifasi, ali na gaga wambili, ndipo akhalitsa m'mimba. Idyani pang'ono-pang'ono, ndipo mukafuna kuonjezela, yambani mwayembekezako.

Cacitatu, samalani na zakumwa. Botolo la 500ml la Coca-Cola wamba lili na shuga woposa masupuni 10 a tiyi, koma silikhutitsa. Mowa wa pa Cisanu na michopo yake nazonso zimathela pa mimba. Madzi akali ochipa kuposa zonsezi.

Cacinayi, yendani. WHO imalangiza mphindi zosacepela 150 pa wiki, kutanthauza mphindi 30 kwa masiku asanu. Tonse tidziwa mmene Great East Road imaumila m'mawa. Basi ikaima pa Northmead osasuntha, wotsika n'kuyenda nthawi zina amafika mu tauni pamodzi nayo. Kuyenda mokangaza mu Cairo Road kucoka pa Kabwe Roundabout mpaka pa Kafue Roundabout kukupatsani kale gawo lalikulu la mphindi za tsikulo. Apa a khonsolo naonso ali na nchito: munthu sangayende m'njila yopanda malaiti, yodzala madzi m'nyengo ya mvula, kapena imene mamotoka aimikamo.

Cenjelani na matiyi na mapilisi "osungunula mafuta" amene atsatsidwa pa Facebook. Ambili amangotsegula m'mimba. Cotuluka ni madzi na ndalama zanu. Kutsika theka la kilo pa wiki n'kokwana. Munthu wa makilo 90 akacotsako asanu cabe, BP na shuga zimayamba kale kumvela. Amene mukumwa mankhwala a shuga kapena a BP, kambani na a ku kiliniki musanasinthe kadyedwe.

Ndipo mnzanu akayamba kusiya mtanda m'mbale na kutsikila siteshoni yapatali, osayamba kumufunsa ngati adwala. Mufunseni nthawi imene anyamuka mawa, muyendele pamodzi.