MALAMULO NDI INU: Chamba cha Mankhwala ndi Mwana wa Khunyu

Alimi anzathu, sabata ino tikambe za mbiri yomwe yafala m'midzi yakuti Boma linaloleza chamba. Mawuwa ndi oona mbali imodzi yokha. Wowamva mwatheka angathe kukagona m'ndende, kapena kupweteka mwana wake.

Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe inavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, mbewuyi atayamba kuiyesa pa Chitedze mu 2015. Koma wololedwa kulima ndi yekhayo amene ali ndi chiphaso cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Chaka chimenecho chiphaso cha chamba cha mankhwala chinali madola 10,000 a ku America, ndipo cha m'mafakitale madola 2,000. Wolima popanda chiphaso lamulolo linamuikira chindapusa chofika K50 miliyoni ndi zaka zofika 25 m'ndende. Kusuta kunakhalabe mlandu.

Nanga odwala? Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 13, amalamula Boma kuyesetsa kuti anthu alandire chithandizo chokwanira cha umoyo. Chithandizo chotere ndicho mankhwala oyesedwa, odziwika mphamvu yake. Mu 2018 dziko la America linavomereza mankhwala otengedwa m'chamba, otchedwa CBD, othandiza ana pa mitundu iwiri yovuta ya khunyu. Mankhwalawo ndi oyengedwa, ndipo dokotala amawapereka molingana ndi kulemera kwa mwanayo. Tsamba lothyola kudimba silili choncho ayi. Lili ndi mphamvu ina yoledzeretsa yotchedwa THC, yosokoneza bongo wa mwana, ndipo palibe wodziwa muyeso wake m'mphika.

Tsono, amayi ndi abambo, mwana wodwala khunyu musamumwetse madzi a chamba. Pitani naye kuchipatala, kumene kuli mankhwala monga phenobarbitone. Amwe masiku onse, osalekeza pokhapokha adokotala atanena. Akagwa, mugonekeni chammbali, kutali ndi moto ndi madzi, ndipo musamuike kanthu m'kamwa. Khunyu silipatsirana.

Inu ofuna kulima mbewuyi, yambani mwafunsa alangizi a malimidwe za chiphaso, ndi mmene alimi angagwirizanirane m'kopareti kuti ndalamayo asonkherane. Munthu akabwera ndi mbewu m'thumba nanena kuti tsopano n'zololedwa, muuzeni aonetse chiphaso chake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.