Maina Ambiri, Banja Limodzi

Si zachilendo kuona wophunzira wa ku Chongoni, m'boma la Dedza, akusiyira panjira buku la nkhondo za Angoni a Maseko chifukwa cha kuchuluka kwa maina. Mputa, Chidyaonga, Chikuse, Chifisi, Gomani ndi Kachindamoto amasokonekera m'mutu, ndipo pa mayeso mwana amapereka nkhondo ya uyu kwa uyo.

Kuloŵeza maina pamtima sikuthetsa vutoli. Mankhwala ake ndiwo kulemba mzere wa ubale papepala. Mputa ndi Chidyaonga adali pachibale. Mputa adabereka Chikuse, ndipo Chidyaonga, amene adagwirizira ufumu Chikuse ali wamng'ono, adabereka Chifisi. Chikuse ndi Chifisi atamwalira m'chaka cha 1891, ana awo, Gomani ndi Kachindamoto, adapitiriza mkangano wa makolo awo. Woŵerenga akaona mzerewu amazindikira kuti nkhondoyo idali ya banja limodzi lolimbirana mpando. Amamvetsanso chifukwa chake lero ufumu wa Kachindamoto uli ku Mtakataka, pamene wa Gomani, amene Angelezi adamupha m'chaka cha 1896, uli ku Ntcheu.

Komabe mzere wa mafumu sutenga anthu onse. Acheŵa wamba amene adathaŵira m'mapiri onga a Chongoni poopa nkhondo za Angoni satchulidwa m'mabuku. Choncho mphunzitsi wanzeru asiye malo m'munsi mwa pepalalo, natume ophunzira kwa agogo awo kukafunsa maina a makolo amene adabisala m'mapangamo. Mainawo akapanda kulembedwa tsopano, adzapita kumanda pamodzi ndi okalamba.