Kuthyola simukadi sikufafaniza ngongole

Mwezi wathawu ndinapita ku banki ina kukapempha ngongole yogulira laputopu yogwirira ntchito. Mapepala onse ndinali nawo: kalata ya kuntchito, sitetimenti ya miyezi itatu komanso chiphaso cha unzika. Patatha masiku awiri anandiimbira foni. "Achimwene, dzina lanu lili ndi vuto ku CRB." Ine kukamwa yasaa! Vuto lakelo linali K18,000 imene ndinakongola pafoni ndili m'chaka chomaliza ku koleji, ndalama ya chakudya itandithera. Nambala ija ndinaisiya kalekale, ngongolenso ndinaiiwala. Koma iyo sinandiiwale ayi.

Ndikudziwa kuti sindili ndekha. Ambiri a ife timaganiza kuti ngongole ya pafoni ndi masewera: wadina, ndalama yalowa, zikavuta wathyola simukadi, nkhani yatha. Zimenezo zinali kale. Chiyambireni kalembera wa unzika mu 2017, komanso kulembetsa manambala a foni komwe bungwe la MACRA linalamula mu 2018, nambala iliyonse ili ndi mwini wake wodziwika. Ngongole imatsata chiphaso chanu, osati kakhadi kali m'fonimo.

CRB ndi kampani yosunga mbiri ya momwe anthu amabwezera ngongole. Kuno ku Malawi zilipo ziwiri, Credit Data CRB ndi TransUnion, ndipo zimagwira ntchito motsatira lamulo la Credit Reference Bureau Act la mu 2010 moyang'aniridwa ndi Reserve Bank. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama ovomerezeka amatumiza kumeneko zokhudza makasitomala awo: anakongola zingati, akubweza bwanji, anachedwa kangati. Mukapita kwina kukapempha ngongole, iwo amayamba aona kaye lipoti limeneli asanakuyankheni. Nalonso bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, HESLGB, lakhala likuchenjeza kuti maina a osabweza lidzawapereka ku CRB. Ndiye amene tinaphunzira ndi ndalama za boma, nkhaniyi ndi yathunso.

Zimenezi zikupweteka kwambiri panopa chifukwa ndalama yavuta. Kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu Febuluwale 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti. Ngongole ya ku banki ndi yodula kale, koma amene wakanidwa ku banki amathera kwa akatapila, komwe ndalama imabereka theka lake pamwezi umodzi, chikole chake n'kukhala foni kapena khadi ya ATM. Kangongole kakang'ono kakale kangathe kukukankhirani m'dzenje lalikulu.

Zimene ndaphunzira ndi izi. Musadikire banki kuti ikuuzeni zomwe zalembedwa pa dzina lanu. Lamulo limakupatsani ufulu woona lipoti lanu, choncho tengani chiphaso cha unzika mukalipemphe, makamaka ku makampani onse awiri poti zomwe ali nazo zimatha kusiyana. Mukalilandira, onani mzere uliwonse. Dzina ndi nambala ya chiphaso zili bwino? Ngongole zonse zomwe zalembedwazo ndi zanudi? Imene munamaliza kubweza ikuoneka kuti inatsekedwa? Mukapeza cholakwika, lembani dandaulo ku CRB ndi kwa amene anakukongozani, ndipo muphatikizepo umboni. Apa ndi pamene malisiti ndi mauthenga a pafoni omwe timangofufuta aja amakhala ofunika. Akapanda kukuthandizani, dandaulo mungathe kukalitula ku Reserve Bank.

Ngati ngongoleyo ndi yanudi, monga zinalili ndi ine, palibe njira yachidule. Pitani mukakambirane nawo, mulipire, kenako mupemphe kalata yotsimikiza kuti mwamaliza. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mumutumizire ndalama akufufutireni dzina ku CRB, dziwani kuti akufuna kukuberani. Kulipirako sikufafaniza mbiri nthawi yomweyo, koma lipoti limasonyeza kuti munabweza, ndipo kuyambira pamenepo kubweza pa nthawi yake ndi kumene kumakonza dzina. Chenjeraninso posainira mnzanu ngati womuimira pa ngongole. Iye akathawa, adzafuna inu.

Komabe, mlandu wonse usagwere ife okongola. Obwereketsa amatitumizira mauthenga okopa tsiku ndi tsiku, koma ndi angati amalemba momveka bwino, m'Chichewa, kuti ukachedwa kubweza dzina lipita ku CRB? Chinanso, mayi amene wakhala akubweza mokhulupirika ku banki mkhonde kwa zaka zisanu, mbiri yake yabwinoyo imathera m'kope la gulu, pamene K18,000 ya mwana wa sukulu imadziwika m'mabanki onse. Dongosolo lotere limakumbuka msanga kulakwa kwa wosauka kusiyana ndi kukhulupirika kwake, ndipo a Reserve Bank akuyenera kuunikapo.

Ine ndinalipira, pamodzi ndi chindapusa chake, ndipo kalata ija ndaisunga bwino. Laputopu sindinagulebe. Akuluakulu anati mlandu suwola; ndaona ndekha kuti ngongole nayo siwola. Inu anzanga amene munasiyako nambala ili ndi ngongole, kaonenitu lipoti lanu lisanafike tsiku lomwe mudzafune thandizo la banki mwachangu.