Kutopa kosatha si ulesi

Pali kutopa kuwiri. Kwina ndi kuja timakudziwa tonse. Munthu wakhala akupalira kuyambira mbandakucha, msana ukuwawa, koma akasamba madzi ofunda, n'kudya nsima, n'kugona, mawa lake amadzuka ali gwa. Kutopa kumeneko n'kwabwino chifukwa ndi umboni woti thupi lagwira ntchito. Koma pali kutopa kwina koti ngakhale mugone tulo tofa nato, m'mawa mumadzuka ngati usiku wonse mumasenza matumba a chimanga. Loweruka ndi Lamulungu zimadutsa, tchuthi chimabwera n'kutha, kutopako kuli pomwepo. Sabata ino tikambe za kutopa kwachiwiriku, chifukwa kukudya anthu ambiri mwakachetechete, makamaka ife ogwira ntchito zotumikira anthu: aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaumoyo, apolisi ngakhalenso abusa.

Vutoli lili ndi dzina. Pa Chingerezi amalitcha burnout, ndipo amene anatchukitsa mawuwa ndi katswiri wa za maganizo Herbert Freudenberger mu 1974, ataona momwe anthu ongodzipereka pa chipatala china chaulere ku New York ankayambira ntchito ndi changu, kenaka n'kufooka pang'onopang'ono. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti ili ndi vuto lochokera ku ntchito, pamene munthu wapanikizika nthawi yaitali popanda chomupepuza. Bungweli limatchula zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kuipidwa ndi ntchito imene kale unkaikonda, ndi kuona kuti zomwe ukuchita sizikupindulanso kanthu. Kwathu kuno tinganene kuti ndi kupserera. Madzi atha mumphika koma moto ukuyakabe pansi.

Ine ndimaphunzitsa pa sekondale yoyendera ya kumudzi, zija timati CDSS, ndipo ndikufuna ndikuonetseni komwe madziwo amathera. M'mawa kuli maphunziro, kalasi yodzaza mpaka pakhomo, buku limodzi ana asanu. Aphunzitsi ndi ochepa, choncho amene anaphunzira Biology amapezeka akuphunzitsanso Agriculture ndi masamu. Ana a m'mawa akaweruka, masana kumalowa a open, ndipo palibe amene amakana kuwaphunzitsa chifukwa kangachepe kamene kamachokera kumeneko ndi kamene kamagula sopo ndi mchere. Mayeso a MANEB akayandikira, a Folomu 4 amafuna maphunziro a m'mamawa ndi a Loweruka. Usiku ndi wa makope. Mulu wa makope umakudikira patebulo, ndipo kumene kulibe magetsi umachonga ndi tochi ya pafoni.

Imeneyo ndi ntchito yolembedwa. Palinso ina yosalembedwa imene mphunzitsi wa kumudzi amasenza chifukwa choti ndi wophunzira. Pamaliro ndiye wolemba chipepeso. Kutchalitchi ndiye mlembi. Ku banki m'khonde ndiye wosunga buku. Wofuna kulemba kalata ya ntchito kapena kudzaza fomu amagogoda pakhomo pake. Kumudzi kwawo abale amamuwerengera pa fizi, feteleza ndi matenda. Naye ali ndi munda wofunika kulima, chifukwa malipiro okha safika kumapeto a mwezi. Malipirowo akamalowa amakhala atadulidwa kale ndi ngongole, ndipo ena otsalawo akuwadikira wa katapila. Mphunzitsi wamkazi amawonjezera pamenepa kuphika, kuchapa, kutunga madzi ndi kudwazika. Munthu wotere akagona, thupi limagona koma mutu umakhala ukuwerengetsera.

Tisaganize kuti aphunzitsi a masiku ano ndi ofooka kuposa a kale. Mu 1994 boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ana amenewa anafunika malo kusekondale, ndipo mu 1998 sukulu zija tinkati za MCDE zinasanduka ma CDSS. Chinali chinthu chabwino, ambiri a ife tinaphunzira chifukwa cha chimenechi. Koma ana anachuluka mofulumira kuposa aphunzitsi, makalasi ndi nyumba, ndipo mpata umenewo mpaka lero umatsekedwa ndi msana wa mphunzitsi amene alipoyo. N'chimodzimodzi namwino amene ali yekha pa chipatala chaching'ono, usana ndi usiku.

Chimandipweteka n'chakuti munthu akayamba kupserera timamuweruza molakwika. Mphunzitsi amene kale ankafika woyamba akayamba kuchedwa, timati wayamba ulesi. Akangopereka manotsi kwa mwana kuti alembe pabolodi, iye n'kukakhala pansi pa mtengo, timati wadzimva. Akayamba kukalipira ana pa zinthu zazing'ono, timati ndi wankhanza. Akayamba kudzera ku mowa asanafike kunyumba, timangoseka. Ena amafika ponena kuti am'lodza, n'kumutengera kwa asing'anga kumene amakataya ndalama zomwe alibe. Abambo ndiye amavutika kwambiri kuulula, poti tinakula tikumva kuti mwamuna salira. Apolisi akamalengeza za anthu odzipha m'dziko muno, ambiri mwa iwo amakhala amuna, ndipo nkhani za ngongole ndi mavuto a m'banja sizisowapo. Sindikunena kuti aliyense wotopa afika pamenepo, koma kukhala chete kulibe phindu.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, pitani kuchipatala musanagamule kuti ndi ntchito chabe. Kutopa kosatha kumabweranso ndi matenda amene angathe kuyezedwa: kuchepa kwa magazi, shuga, kuthamanga kwa magazi, malungo obwerezabwereza, likodzo, chifuwa chachikulu cha TB ndi HIV. Amayi amene amataya magazi ambiri pamwezi kapena amene angobereka kumene amachepa magazi kawirikawiri osadziwa. Munthu wa shuga amatopa, amamva ludzu pafupipafupi ndiponso amadzukadzuka usiku kukataya madzi. Zimenezi kupuma kokha sikungachize. Mukamuuza dokotala, musangoti thupi likuwawa n'kulandira panado. Nenani kuti kutopaku kwatha miyezi ingati, mukugona bwanji, mukudya bwanji, ndiponso ngati mukuonda kapena kutuluka thukuta usiku.

Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mtima uli wosweka tsiku lililonse, palibe chokusangalatsani ngakhale kunja kwa ntchito, kapena mukuganiza zoti bola kufa, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Pa chipatala cha boma cha m'boma lanu funsani za oona matenda a maganizo. Kulinso chipatala cha ku Zomba ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga, monga momwe kupita kukayezetsa maso sikutanthauza kuti munthu ndi wakhungu.

Chachiwiri, tsitsaniko katundu. Tengani pepala mulembe maudindo onse amene muli nawo, a kuntchito, a kutchalitchi, a m'mudzi ndi a kubanja. Ambiri timadabwa tikaona kutalika kwa mndandandawo. Kenaka dzifunseni kuti ndi ati amene angaime inu mutachoka. Mupeza kuti ndi ochepa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kukana n'kovuta pa chikhalidwe chathu, koma kuli njira zake zaulemu. Mukhoza kunena kuti, "Pepani, chaka chino ndili ndi a Folomu 4, mundiganizire chaka chamawa," kapena kutchula wachinyamata amene mungamuphunzitse ulembiwo. M'midzi mwathu muli anyamata ndi atsikana a MSCE amene angagwire bwino buku la banki m'khonde atapatsidwa mpata.

Chachitatu, tetezani tulo ngati mmene mumatetezera malipiro. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Wakuba tulo wamkulu masiku ano ndi foni: gulu la WhatsApp la kusukulu, la kutchalitchi, la abale, la anzathu a kukoleji, onse akulira mpaka pakati pa usiku. Ine ikakwana 9 koloko foni ndimaisiya pabalaza, ndipo Lamulungu masana sindigwira cholembera chofiira ngakhale makope achuluke bwanji. Ntchito zazing'ono za m'kalasi ana amasinthana makope n'kuchongerana ine ndikuwatsogolera, ndipo mphamvu zanga ndimasungira zimangirizo ndi mayeso. Ana sataya kanthu, ndipo amaphunzira poona pamene mnzawo waphonya. Mowa nawo si mankhwala a tulo. Umagonetsa msanga koma umadzutsa munthu pakati pa usiku, m'mawa n'kukhala wotopa kuposa dzulo.

Chachinayi, lankhulani. Mutu umodzi susenza denga. Pasukulu pathu tinagwirizana kuti wina akakhala ndi matenda kapena maliro, maphunziro ake tigawane m'malo mowaunjikira kuti adzawapeze. Ndi zazing'ono koma zimapepuza. Kambiranani ndi a hedi za kagawidwe ka maphunziro temu isanayambe, osati mutagwa kale. Lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limati maola wamba a ntchito asapitirire 48 pasabata, ndiponso limapatsa wantchito masiku opuma pachaka. Kupuma ndi ufulu, si mphatso ya bwana. Mabungwe athu monga TUM akamakamba za malipiro ndi kukwezedwa, azikambanso za kuchuluka kwa ntchito ndi kulemba aphunzitsi ena, chifukwa achinyamata omaliza maphunziro a uphunzitsi alipo ndipo ambiri akungokhala.

Mawu omaliza apite kwa inu amene mumakhala ndi anthu oterewa. Amayi, abambo, mukaona mnzanu wasiya kuseka, akungokhala duu kapena akupsa mtima pachabe, musathamangire kumunena. Mufunseni kuti chikumulemera n'chiyani, n'kumulandirako kamodzi. Mafumu ndi akuluakulu a mpingo, si udindo uliwonse umene uyenera kugwera aphunzitsi ndi adokotala. Mlimi wodziwa ng'ombe zake amazimasula goli dzuwa likafika paliwombo, ngakhale munda usanathe, chifukwa amadziwa kuti mawa kuli mizere ina. Mphunzitsi wa mwana wanu nayenso akufunika m'kalasi chaka chamawa ndi chinacho.